Ibn Battuta, mkulu amene ankakana kubwerera njira yomweyo

Mu June 1325, mnyamata wa zaka 21 anatsanzika makolo ake mumzinda wa Tangier, ku Morocco, kuti akupita ku Haji ku Mecca. Ibn Battuta anadzapondanso kwawo patatha zaka 24, ndipo anapeza bambo ndi mayi ake onse atatsikira kulichete.

Anabadwira m'banja la oweruza milandu motsata malamulo a Chisilamu, ndipo maphunziro amenewa ndiwo anali kamba wake wa paulendo. Masiku amenewo, kulikonse kumene kunali mfumu yachisilamu, munthu wodziwa malamulo ankamulandira ndi manja awiri: malo ogona, zovala, mahatchi, mwinanso ntchito. Atamaliza Haji mu 1326, mtima wobwerera kumudzi unali utamuchokera. Analowera ku Iraq ndi ku Persia, atadziikira lamulo loti ngati n'kotheka asadutse njira imodzi kawiri.

Cha m'ma 1331 anakwera ngalawa n'kutsika m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Africa. Ku Mogadishu maso ake anagwera m'mbale: mpunga wophikira mafuta a mkaka, nkhuku, nsomba, nthochi zosapsa zophikidwa mu mkaka, ndi mango. Anadabwa ndi kudya kwa eni mudzi, poona kuti munthu mmodzi ankamaliza chakudya chokwanira gulu. Ku Mombasa anangogona usiku umodzi. Kilwa, chilumba cha ku Tanzania wa lero, anauyamikira kuti ndi mzinda wokongola, ndipo kumeneko ndiko anamva za golide wodzera ku Sofala, doko la ku Mozambique limene linkalandira chuma chochokera kumtunda, kudera la Zimbabwe.

Ku Delhi anakhala woweruza kwa zaka zingapo pansi pa Muhammad bin Tughluq, mfumu yopatsa mosaumira koma yosachedwa kupha. Mfumuyo itamutuma ku China ndi mphatso, chimphepo chinaswa zombo padoko la Calicut, mphatso zonse n'kumira, iye ali kumtunda. Poopa kukaonekera ku Delhi chimanjamanja, anakatulukira kuzilumba za Maldives. Uko anamupatsanso mpando woweruza, ndipo anakwatira akazi anayi. Anayesetsa kulamula kuti amayi a kumeneko azifunda pachifuwa, koma amayiwo sanamumvere, ndipo iye mwini sanabise kuti analephera.

Apa ndi pamene ine ndimamukondera mkuluyu. Sanali mlendo wofatsa ayi. Ankayenda ndi muyeso wakwawo m'thumba, n'kumayezera nawo aliyense. Komabe ankakhala pansi ndi anthu, kudya zimene akudya, kenako kunena zonse, zomukoma ndi zomunyansa zomwe.

Ulendo wake wa ku Mali ukuonetsa bwino khalidweli. Mu 1352 anadutsa chipululu cha Sahara pa ngamila, n'kuima pa Taghaza, mudzi umene nyumba zake ndi mzikiti anazimanga ndi miyala ya mchere, madenga ake zikopa za ngamila. Pa Walata anamulandira ndi mapira osinja osakaniza ndi uchi ndi mkaka, iye n'kuyamba kudandaula kuti wabwereranji. Mansa Sulayman, mfumu ya Mali, atamutumizira mphatso, ankayembekeza mikanjo ndi ndalama. Anangopeza mikate itatu, nthuli ya ng'ombe yokazinga ndi chipanda cha mkaka wosasa, ndipo anaseka. Koma munthu yemweyo anachitira umboni kuti anthu a ku Mali ankadana ndi kupondereza, kuti wapaulendo sankaopa wakuba, ndiponso kuti mlendo akamwalira, katundu wake ankasungidwa mpaka mwini woyenera atapezeka. Umboni wochokera kwa munthu wonyinyirika chonchi ndi wovuta kuukayika.

Atabwerera ku Fez, Sultan Abu Inan wa ku Morocco analamula kuti zonse zimene anaona zilembedwe. Ibn Battuta ankafotokoza, mlembi Ibn Juzayy n'kumalemba, ndipo buku lotchedwa Rihla linatha mu 1355. Akatswiri amakayikira zigawo zina, monga za kumpoto kwa China, ndipo apeza kuti ndime zina zinatengedwa kwa Ibn Jubayr, wapaulendo wina amene anamutsogolera. Ngakhale zili choncho, mtunda umene anayenda amauwerengera pafupifupi makilomita 120,000.

Anamwalira ku Morocco cha m'ma 1368. Ku Ulaya buku lake linadzatchuka mochedwa, pamene akatswiri awiri analisindikiza lonse ku Paris m'Chiarabu ndi Chifalansa pakati pa 1853 ndi 1858, pogwiritsa ntchito mipukutu yolembedwa pamanja imene inapezeka ku Algeria.