Ilala, msewu wa anthu a ku Likoma ndi Chizumulu

Munthu wa ku Mitundu akafuna kupita m'tauni ku Lilongwe sayang'ana kalendala. Amangoima m'mbali mwa msewu wa ku Bunda, minibasi n'kutulukira, ndipo ikamusiya amadikira ina. Wa pa Nathenje ndiye ali pabwino zedi, poti msewu wa M1 wadutsa pakhomo pake ndipo galimoto sizileka usana ndi usiku. Koma m'dziko lomwe lino muli boma lathunthu limene msewu wake waukulu ndi sitima ya pamadzi imene inayamba ntchito mu 1951. Bomalo ndi Likoma, la zilumba ziwiri, Likoma ndi Chizumulu, zozunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Kalembera wa 2018 anapezako anthu oposa 14,000.

Sitima za moto zinafika pa nyanja yathu ndi amishoni. Mu 1875 a mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, anabwera ndi kasitima kotchedwa Ilala, dzina la dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire anakaphwasula, ndipo amuna mazanamazana anasenza zitsulozo pamutu ndi pamapewa mpaka kumtunda kumene madzi ndi odekha. Mabuku amatchula azunguwo, koma amene anapweteka makosi ndi katunduyo mayina awo sanalembedwe. Kasitimako kanalowa m'nyanja mu Okutobala 1875.

Patapita zaka ngati khumi, amishoni a Anglican a UMCA anakhazika likulu lawo pa Likoma. Kukhalapo kwawo n'kumene kunachititsa kuti pogawana malire ndi Apwitikizi mu 1891, zilumbazi zitsalire m'manja mwa Angerezi ngakhale zili kufupi ndi gombe la Mozambique. Mishoniyo inali ndi sitima zake: Charles Janson, kenako Chauncy Maples, yotchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanjayi mu 1895 ali pa ulendo wopita ku Likoma. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's anayamba kuchimanga mu 1903. Pa zilumbapo panali sukulu ndi chipatala madera ambiri a kumtunda asanazione, ndipo ana a ku Likoma anabalalika kukakhala aphunzitsi, ansembe ndi makalaliki m'maiko oyandikana nafe. Zonsezi zinatheka chifukwa sitima inkafika.

Nyanjayi siyoseweretsa. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, imene inali itangoyamba kumene kunyamula anthu, inagubuduzika ndi mafunde kufupi ndi Florence Bay kumpoto, anthu 145 n'kufa. Itapita Vipya panafunika ina, ndiye kunabwera Ilala imene tikuidziwa lero. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mu mzinda wa Glasgow. Anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Beira, pa njanji mpaka ku Chipoka, n'kuilumikiza kuno. Kutalika kwake ndi mamita 52. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yonyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kukafika ku Chilumba, n'kubwerera, moti pa Likoma imaima kawiri pa sabata, popita kumpoto ndi pobwerera.

Tsiku la Ilala pachilumba ntchito zina zimaima. Nthaka ya kumeneko ndi mchenga ndi miyala, chinangwa chimayesako koma chimanga sichikwanira, choncho ufa, shuga, sopo, simenti, malata, mankhwala a kuchipatala, zonse zimadzera pamadzi. Pochoka sitimayo imanyamula matumba a usipa wouma, nsomba yomwe ija amayi a ku Mitundu amagula pa mulu tsiku la msika. Kwa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri inkaima patali poti panalibe doko, anthu n'kumaitsatira pa maboti ang'onoang'ono. Mayi ankalowa m'madzi ofika m'chiuno, mwana kumbuyo, thumba pamutu, kuti akwere boti. Akafika m'mbali mwa sitima ankagwira makwerero achitsulo, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde, amuna ali pamwamba akumukoka mkono. Nthawi zambiri izi zinkachitika usiku, kuwala kwake kuli kwa tochi. Tsono taganizani kuti wokwerayo ndi wodwala amene chipatala cha St Peter's chamutumiza ku Mzuzu, kapena gogo woyendera ndodo, ndipo mwera wa mwezi wa Juni ukuwomba.

Boma linayesa kuwonjezera. Mu 1980 kunabwera Mtendere, imene inathandiza kwa zaka zingapo kenako n'kukocheza osayendanso. Pambuyo pake kayendetsedwe ka sitima kanaperekedwa kwa makampani, ndipo mu 2010 kanapita kwa Mota-Engil kudzera mu Malawi Shipping Company. Kunabweranso Chilembwe, yocheperapo koma yothamanga. Mu 2012 Ilala inachoka pamadzi kwa miyezi yambiri kukaikidwa mainjini atsopano, ndipo aliyense anaona zimene zimachitika ikasowa: katundu amakwera mtengo, aphunzitsi ndi anamwino amachedwa kubwerera ku ntchito, ndipo anthu amadzazana m'maboti a matabwa kuwoloka makilomita pafupifupi 70 kupita ku Nkhata Bay.

Nkhani ya sitima yatsopano ikabuka, mawu amene amamveka msanga ndi akuti sitima sizipindula. Ine mawuwa sindiwamvetsa. Palibe amene anafunsapo kuti mlatho wa pa mtsinje wa Nathenje umabweza ndalama zingati pa chaka. Timaumanga ndi misonkho chifukwa anthu ayenera kuwoloka. A ku Likoma nawonso amakhoma msonkho, amavota, ndipo chilumba chawo chinapatsidwa ulemu wokhala boma pachokha. Kuwauza kuti ulendo wawo udziripirire wokha pamene wa ena ukulipiridwa ndi dziko lonse, kumeneko n'kukondera. Ku Scotland komwe Ilala inapangidwa, sitima zopita ku zilumba za kumadzulo zimayendetsedwa ndi kampani ya boma, ndipo boma limathirapo ndalama chaka ndi chaka.

Doko limene lamangidwa pa Likoma m'zaka zaposachedwa ndi chinthu chabwino, ndipo amene analimbikira kuti limangidwe ayamikidwe. Koma doko silinyamula munthu. Pakufunika sitima ziwiri zodalirika, kuti ina ikapita kokakonzedwa ku Monkey Bay ina izitsala pamadzi. Pakufunika ulendo wafupipafupi wa pakati pa Nkhata Bay ndi zilumba, wosadikira sitima yochokera kummwera kwenikweni kwa nyanja, wa mtengo umene msodzi angaukwanitse, komanso boti lolimba la odwala lokhala ndi mafuta nthawi zonse. Chizumulu, chimene chimaiwalika ngakhale pokamba za Likoma, nacho chikufunika doko lake. Ndalama ya zimenezi iyenera kuoneka mu bajeti ya Unduna wa Zamtengatenga, pa tsamba lomwe pamalembedwa misewu ndi milatho.