Feira: Doko Lakale Pomwe Luangwa Amathera

Mtsinje wa Luangwa ukadutsa kwa Mfumu Malama, m'boma la Mambwe, umatsetsereka kum'mwera mpaka kukathira mu Zambezi. Pamathiriro pomwepo pali tauni ya Luangwa, imene akuluakulu amaitchulabe kuti Feira. Dzinali ndi la Chipwitikizi ndipo limatanthauza msika. Tsidya lina la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, pomwe kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe.

Lero mukafika pa Feira mudzapeza mabwato ndi asodzi, koma kale malowa anali doko la malonda aakulu. Cha m'ma 1720 amalonda ochokera ku Goa, ku India, motsogozedwa ndi Francisco Pereira, anakhazikitsa msika wa Zumbo. Nsalu ndi mikanda zinkachokera ku Tete. Popeza mabwato sankatha kudutsa mathithi a Cahora Bassa, katunduyo ankamusenza pamutu kufika ku Chicoa, n'kumukwezanso m'mabwato. Pobwerera ankatenga golide wa ku dziko la Changamire, mkuwa, ndi minyanga ya njovu. Ina mwa minyangayi inkachokera m'chigwa chathu chino.

Msikawo unagwa chifukwa cha nkhondo ndi chilala, ndipo pofika 1836 Apwitikizi anali atachokapo. David Livingstone atadutsa mu Januwale 1856 anangopeza mabwinja a nyumba zamiyala, tchalitchi chogumuka ndi belu losweka. Mu 1862 Apwitikizi anabwereranso, ndipo zaka zotsatira zinali zowawa. José de Araújo Lobo, wotchedwa Matakenya, ndi José do Rosário Andrade, wotchedwa Kanyemba, anali ndi magulu a Achikunda onyamula mfuti. Achikundawa ndi osiyana ndi Akunda a kwa Malama, ngakhale mayinawo akufanana. Ankapha njovu ndi kugwira anthu m'midzi ya Ansenga ndi ya mitundu ina, n'kuwagulitsa ukapolo.

Madoko akale otchuka a ku Ulaya nawonso ali ndi mbiri yotere. Tauni ya Visby, pa chilumba cha Gotland ku Sweden, yazunguliridwa ndi linga lamiyala la makilomita oposa 3, lomangidwa m'zaka za m'ma 1200 pamene amalonda a kumeneko analemera. Lingalo lisanamangidwe, Aviking a pachilumbapo ankakwirira pansi ndalama zasiliva za Aluya, ndipo pa malonda a Aviking akapolo analinso katundu. Mu 1995 UNESCO inaika Visby pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse, ndipo alendo amakhamukirako chaka ndi chaka.

Feira alibe linga loti lifanane ndi limenelo. Choncho mbiri yake yambiri ili m'mayina ndi pakamwa pa nkhalamba, ndipo nkhalamba sizikhalitsa. Amene akutha kuisunga ndi inu, okhala ndi foni m'thumba. Njira si yovuta: tsatani msewu wa Great East, khotani pafupi ndi mlatho wa Luangwa, yendani makilomita oposa 80. Mukafika, musathere pa kudzijambula m'mbali mwa madzi. Pezani agogo, muwapatse moni mwaulemu, muwafunse kuti Matakenya anali ndani, ndi kuti anthu amene anawolotsedwa pamenepo anachokera midzi iti. Zimene akuuzeni muzilembe, pakuti mawu a akulu akoma akagonera.