Walira Mvula Walira Matope: Kutha kwa Chitaganya ndi Anthu a Kunyanja

Makolo adati walira mvula walira matope. Mwambiwu suletsa munthu kupempha mvula, koma umamukumbutsa kuti chabwino chimadza ndi zolemetsa zake. Kutha kwa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, monga kudaonekera m'midzi ya Chintheche, Kande ndi Usisya, ndi umboni wake.

Atonga adayamba kalekale kupita kutali kukafuna ntchito. Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, adakhazikitsa bungwe la anthu apantchito ku Cape Town m'chaka cha 1919. Pamene Chitaganya chinkayamba mu 1953, amuna ambiri a kunyanja adali kale ku Salisbury, Bulawayo, Wankie ndi kumigodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia.

Chitaganya chidaika maiko atatuwa pansi pa ndalama imodzi, positi imodzi ndi kasitomu imodzi. Bulangete lochokera ku Bulawayo linkakwera sitima yapamtunda, kenaka Ilala, n'kutsika pa Nkhata Bay osalipira msonkho wa pamalire. Koma mafakitale ambiri adamangidwa ku Southern Rhodesia, damu la Kariba lidamangidwa pa Zambezi, ndipo Nyasaland idatsala ngati nkhokwe yotapamo antchito. Anthu ankaopanso kuti tsankho la Azungu a ku Salisbury lidzawalanda minda. Orton Chirwa ndi Wellington Manoah Chirwa, ana a boma lomweli, adali pakati pa otsutsa Chitaganya. Pa 3 Marichi 1959, asilikali adaombera khamu limene lidasonkhana padoko la Nkhata Bay kudzalirira abale ao otsekeredwa m'sitima ya Mpasa, ndipo anthu osachepera 20 adafa.

Mvula idagwa ndithu. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 Malawi adalandira ufulu. Matope nawo sadachedwe. Dziko lililonse lidatsegula zipata zake za kasitomu ndi kusindikiza ndalama zake. Malawi adayamba ndi paundi yake, ndipo kwacha idadza mu 1971. Ndalama imene bambo ankatumiza kuchokera ku Wankie idasanduka yakunja. Zipatala, zimene zinkayendetsedwa ndi boma la Chitaganya, zidagwera pamutu pa boma latsopano, lomwe kwa zaka zingapo lidadalira Britain kuti akwanitse bajeti.

Malire adasintha, koma njira zamalonda sizidasunthe. Katundu ankadzerabe padoko la Beira, ndipo masitolo adali odzazabe ndi zinthu za ku Rhodesia. N'chifukwa chake Ian Smith atagalukira Britain mu 1965, Malawi sadathe kudula malonda ndi dzikolo. Mu 1967 boma la Dr Banda lidachita pangano la malonda ndi South Africa, ndipo mu 1970 njanji yopita ku Nacala idatsegulidwa.

Matope ozama adapondedwa ndi machona, aja adakwatira ndi kukalambira kuchilendo. Dzulo adali anthu a m'Chitaganya chimodzi, ngakhale ankayenda ndi chitupa. M'mawa mwake adadzuka ali alendo. Chilondacho chidatukusira patapita zaka zambiri: lamulo la unzika la ku Zimbabwe la mu 2001 lidasiya ana ndi adzukulu ao ambiri opanda unzika, osaloledwa kuvota m'dziko lomwe adabadwiramo. Malamulo aakulu a mu 2013 ndiwo adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo ao adachokera kumaiko oyandikana.

Anthu a kunyanja sadalakwe kukana Chitaganya, pakuti munda ndi ulemu sizigulidwa ndi bulangete lotchipa. Komabe mzere wolembedwa m'maofesi udadutsa pakati pa mabanja. Mdzukulu wa ku Chintheche akakumana ndi Chirwa kapena Mhone wolankhula Chishona, amufunse kumene agogo ake adachokera, chifukwa mwina manda a makolo ao ali pamchenga umodzi.