Ndodo, kapinga ndi kapeti: ulendo wa hockey mu Africa

M'chaka cha 1989 mzinda wa Blantyre unalandira alendo onyamula ndodo zopindika kunsonga. Unali mpikisano wachitatu wolimbirana chikho cha hockey ya amuna pakati pa maiko a mu Africa, ndipo chikhocho chinapita ku Egypt, Kenya n'kukhala yachiwiri. Mutati mufunse lero m'minibasi ya ku Ndirande kapena ya ku Chilomoni, ndikukayika ngati mungapeze anthu awiri okumbukira zimenezi. Ena angayambe akufunsani kaye kuti hockey yakeyo n'chiyani. Sindiwadzudzula. Masewerowa akhala mu Africa zaka zoposa 100, koma nthawi yambiri akhala ali kuseri kwa mpanda, ndipo mbiri yake ukaitsata bwino umapeza kuti ikuzungulira pa funso limodzi: bwalo ndi la yani?

Kwa amene sanaonerepo, hockey imafanana ndi mpira wamiyendo pa chiwerengero cha osewera, 11 mbali iliyonse, koma kampira kake n'kakang'ono ndiponso kolimba ngati mwala. Ndodo yomenyera ili ndi mbali imodzi yafulati, ndipo kumbuyo kwake sikuloledwa kukhudza mpira. Chigoli chimawerengedwa pokhapokha ngati wosewera wa timu yomwetsa waukhudza mpirawo uli m'kati mwa chizungulire chojambulidwa kutsogolo kwa golo. Bwalo ndi lotalika mamita 91.4, m'lifupi mamita 55. Kampira kotere kamamvera kabampu kalikonse, kadzenje kalikonse. Mpira wamiyendo mutha kusewera pa mtetete uliwonse wa kusukulu, zitsa zili pomwepo. Hockey imasankha pansi.

Kusankha kumeneku inabadwa nako. Cha m'ma 1870, osewera cricket a kalabu ya Teddington ku London ankafuna chochita m'nyengo yozizira, ndiye anayamba kumenya mpira wa cricket ndi ndodo pa kapinga wawo wometedwa bwino ku Bushy Park. Mu 1886 makalabu a kumeneko anakhazikitsa bungwe la Hockey Association n'kulemba malamulo, ndipo mu 1908 masewerowa analowa mu Olympics ya ku London. Atawasiya pa ndandanda wa Olympics ya ku Paris mu 1924, Mfalansa wina dzina lake Paul Léautey anasonkhanitsa maiko 7 a ku Ulaya n'kuyambitsa bungwe la dziko lonse, FIH. Pofika nthawiyo asilikali a Britain anali atafika nayo kale hockey ku India, ndipo kumeneko wophunzira anaposa mphunzitsi. India inatenga mendulo ya golide maulendo 6 otsatizana, kuyambira 1928 mpaka 1956. Mu 1932 inakwapula United States zigoli 24 kwa 1, ndipo mu 1936 timu ya katswiri wake Dhyan Chand inagonjetsa Germany 8 kwa 1 mu Berlin momwemo.

Ku Africa hockey inalowera makomo awiri. Kumwera, ku South Africa ndi ku Rhodesia, inalowera m'sukulu za ana a azungu ndi m'makalabu awo, ndipo inakhazikika momwemo. Kuvuma inabwera ndi Amwenye. Njanji ya kuchokera ku Mombasa kukafika ku Kisumu, imene inamangidwa pakati pa 1896 ndi 1901, inabweretsa antchito zikwizikwi ochokera ku India, ndipo m'mbuyo mwawo munabwera amalonda, akalaliki, amisiri, Asikh a ku Punjab ndi anthu a ku Goa. Makalabu awo, monga Sikh Union ya ku Nairobi, ankasewera hockey ya kwawo, yotembenuza ndodo pamwamba pa mpira uku ndi uku mpaka wotchinga kusokonezeka mutu, yopatsirana pafupipafupi. Luso limeneli ndi la pa bwalo losadalirika, pomwe mpira ukaumenya wautali sudziwa kumene unjanjire.

Khomo lachiwirili ndilo linayamba kubala zipatso. Kenya inapita ku Olympics koyamba mu 1956 ku Melbourne, ndipo ku Tokyo mu 1964 inathera pa nambala 6. Avtar Singh Sohal, amene anzake ankangomutcha Tari, anasewera ma Olympics anayi kuyambira 1960 mpaka 1972, ndipo kwa zaka zambiri ndiye anali kaputeni. Chaka chimene ndimafuna achinyamata atachidziwa ndi 1971. Chikho choyamba cha dziko lonse cha hockey chinaseweredwa ku Barcelona, Kenya inafika mu ndime ya matimu anayi otsiriza, n'kugonja kwa Spain ndi chigoli chimodzi chokha. Polimbirana malo achitatu inagonjanso movutikira kwa India, 2 kwa 1. Nambala 4 pa dziko lonse. Palibe timu ya amuna ya mu Africa imene yafikaponso pamenepo pa chikho chimenechi, ngakhale South Africa ndi chuma chake chonse.

Uganda nayo inali m'njira yomweyo, koma ndale zinaidula miyendo. Mu Ogasiti 1972 Idi Amin analamula kuti Amwenye achoke m'dzikolo pasanathe masiku 90. Mwezi womwewo timu ya Uganda, imene ambiri mwa osewera ake anali Asikh, inali ku Olympics ya ku Munich, komwe inafanana mphamvu 1 kwa 1 ndi West Germany, eni bwalo amene pamapeto pake anatenga golide. Osewerawo ankavalira dziko limene linali litawathamangitsa kale. Atabalalikira ku Britain ndi kwina, hockey ya Uganda inatsala chigoba.

Bungwe loyang'anira masewerowa mu Africa yonse, African Hockey Federation, linakhazikitsidwa mu 1970, m'kati mwa zaka zokomazi. Chikho chake choyamba chinaseweredwa ku Cairo mu 1974, ndipo amene anachitenga sanali Kenya kapena Egypt koma Ghana, dziko limene hockey yake inali m'manja mwa anthu akuda eni nthaka. Kumbuyo kwa chipambanochi kunali mayi wina amene Aghana amamukumbukira pa zinthu ziwiri, Theodosia Okoh. Ndi iye amene anajambula mbendera ya Ghana ya mu 1957, ndipo ndi iyenso amene anatsogolera bungwe la hockey la dzikolo kwa zaka zoposa 20. Mu 1975 Ghana inakasewera chikho cha dziko lonse ku Kuala Lumpur, ndipo bwalo la hockey la ku Accra likudziwika ndi dzina lake.

Koma tawerengani zaka za chikho cha Africa chija: 1974, kenako 1983, kenako 1989 ku Blantyre. Zaka 9, kenako zaka 6. Bungwe limene mpikisano wake waukulu umadikira motero silingabise kuti m'thumba mulibe kanthu. Chimene linakwanitsa kuchigwira pafupifupi chaka ndi chaka ndi chikho cha makalabu, chomwe chinayamba mu 1988, ndipo nacho chinasanduka munda wa kalabu imodzi, Sharkia ya ku Zagazig ku Egypt, imene yachitenga koposa ka 20.

Pamene bungweli linkayesa kuima, pansi penipeni panasintha. Ku Olympics ya ku Montreal mu 1976 hockey inaseweredwa koyamba pa kapinga wa pulasitiki. New Zealand inatenga golide, Australia siliva, ndipo India, imene inali isanabwerereko chimanjamanja kuyambira 1928, inathera pa nambala 7. Pa kapeti mpira sunjanja, umangoyenda tsetseretsetsere, motero liwiro, mphamvu ndi mipira yaitali zinayamba kulipira kuposa luso la m'mikono. Malamulo anatsatira komweko: la ofusaidi linachotsedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira 2009 wosewera wolakwiridwa amaloledwa kudziyambira yekha mpira n'kumathamanga nawo. Kwa woonera masewero anakoma, zimenezo sindikana. Koma kapeti ya hockey si ngati ija tinazolowera kuiona pa Kamuzu Stadium. Ndi yaifupi, yothithikana, ndipo ya mipikisano ikuluikulu imafuna kuthiriridwa madzi ambirimbiri masewero asanayambe ndi pa nthawi yopuma. Ikatha zaka zingapo imafunika kuisintha yonse, ndipo ndalama zake ndi zakunja. Kwa dziko limene amayi amadzuka m'mamawa kukaima pamzere pa mjigo, kuthirira pulasitiki ndi nkhani yovuta kuifotokoza kwa nduna ya zachuma. Maiko a ku Ulaya ndi Australia anayala makapeti m'makalabu ndi m'sukulu. Maiko ambiri a mu Africa ankasangalala akapeza imodzi.

N'chifukwa chake nkhani ya 1980 imamveka ngati nthano. Chaka chimenecho hockey ya amayi inalowa mu Olympics koyamba, ku Moscow, koma maiko ambiri ananyanyala chifukwa cha nkhondo ya Soviet Union ku Afghanistan, ndipo matimu amene anayenera kusewera anatsala kwawo. Okonza anathamangira kuitana ena, ndipo Zimbabwe, imene inali itangolandira ufulu mu Epulo, inalandira kalata kutatsala milungu 5 yokha. Anasonkhanitsa amayi 16, kaputeni Ann Grant, mphunzitsi Anthea Stewart amenenso ankasewera. Ananyamuka pa ndege yonyamula nyama mpaka ku Lusaka, n'kukwera ina ya ku Moscow. Kapeti anali asanaipondepo, ndipo nsapato zoyenera anakazipezera komweko. Anagonjetsa Poland 4 kwa 0, kufanana mphamvu ndi Czechoslovakia 2 kwa 2, kugonjetsa eni bwalo 2 kwa 0, kufanananso ndi India 1 kwa 1, ndipo pa 31 Julaye anamaliza ndi kugonjetsa Austria 4 kwa 1. Pat McKillop yekha anamwetsa zigoli 6. Golide. Zimakambidwa kuti aliyense analonjezedwa ng'ombe, koma chimene analandira ndi phukusi la nyama. Zimbabwe inadikira zaka 24 kuti ione mendulo ina, ya Kirsty Coventry pa kusambira mu 2004.

Chithunzi cha timuyo chili ndi chake chonena. Dziko linali litangotuluka m'nkhondo yothetsa ulamuliro wa azungu ochepa, koma amayi onse 16 oimira mbendera yatsopanoyo anali azungu. Si mlandu wawo, ndipo anasewera monyadira dziko lawo. Kungoti mabwalo, ndodo ndi aphunzitsi zinali m'sukulu zimene mwana wakuda wa ku Mbare kapena ku Makokoba sankaloledwa kuyandikira.

Makapeti atayamba kufika, ankabwera pamsana pa mipikisano ya All-Africa Games. Nairobi inapeza yake ku City Park pokonzekera ya 1987, imene Kenya inapambana, ndipo chaka chotsatira ku Seoul inakasewera Olympics yake yomaliza mpaka pano. Zimbabwe inamanga Magamba ku Harare ndi Khumalo ku Bulawayo chifukwa cha masewero a 1995. Kumanga n'kosavuta pamene alendo akubwera. Kusamala alendo atapita ndiye kumagwetsa ambiri.

Kenako tsankho litagwa South Africa inabwerera m'mipikisano ya maiko, ili ndi makapeti m'sukulu ndi m'mayunivesite kuposa oyandikana nawo onse kuphatikiza pamodzi, ndipo mpikisano unatha mchere. Amuna ake anatenga chikho cha Africa ku Nairobi mu 1993, n'kumachitengabe mpikisano uliwonse mpaka wa ku Accra mu 2022. Amayi a Zimbabwe anapambana chikho choyamba cha amayi ku Harare mu 1990, koma kuyambira 1994 nachonso chinasamukira kumwera. Egypt yokha ndiyo yakhala ikuwapumira m'khosi amuna a South Africa, moti inakwanitsa kupita ku Olympics ya ku Athens mu 2004.

Chondiwawa pa zonsezi chinachitika mu 2015. Matimu onse awiri a South Africa anapambana mpikisano wa Africa wopezera malo ku Olympics ya ku Rio de Janeiro, koma bungwe la Olympics la dziko lawo linakana kuwatumiza, ati kupambana mu Africa sikokwanira kusonyeza kuti timu ingapikisane ndi dziko lonse. Mwachidule, akatswiri a Africa anauzidwa ndi akwawo omwe kuti chikho cha Africa n'chachabechabe. Ku Rio kunalibe timu ya hockey ya mu Africa ngakhale imodzi. Pofika ya ku Tokyo, amuna a South Africa anachita kupemphetsa ndalama kwa anthu wamba kuti akonzekere, ndipo atafika anagonjetsa Germany 4 kwa 3.

Posachedwapa FIH yayamba kuvomereza zimene maiko osauka ankadandaula kalekale. Ikulimbikitsa makapeti osafuna madzi, ndipo inayambitsa mtundu waung'ono wa masewerowa, Hockey5s: osewera asanu mbali iliyonse, bwalo laling'ono lotchingidwa ndi matabwa m'mbali kuti mpira usamatuluke. Ena okonda hockey yakale amaunyoza kuti ndi masanje. Ine ndimayang'ana amene wapindula nawo. Zambia, dziko losatchulidwa n'komwe m'mbiri ya zikho zikuluzikulu, inatumiza anyamata ake ku Olympics ya achinyamata ku Buenos Aires mu 2018, ndipo anatulutsa Australia mu ndime ya matimu 8, n'kuthera pa nambala 4. Mu Januwale 2024, pa chikho choyamba cha dziko lonse cha Hockey5s ku Muscat m'dziko la Oman, amayi oimira Africa anachokera ku South Africa, ku Namibia ndi ku Zambia.