Kuyerekeza Cuma ca Maiko ndi Zigawo pa Munthu Mmodzi

Pofuna kudziwa dziko lolemera ndi losauka, akatswiri a zacuma amawonkhetsa mtengo wa katundu ndi nchito zonse zopangidwa m'dzikomo pa caka, zimene amazicha GDP, nagawa ndi ciwerengero ca anthu. Mu 2023 Zambia inali ndi madola a ku America oposa pang'ono 1,300 pa munthu, pamene Luxembourg inapitirira 100,000.

Koma muyesowu umafuna kusamala. Anchito ambiri a ku Luxembourg amagona ku France, Belgium ndi Germany, motero zimene amapanga zimawerengedwa koma iwo sawerengedwa.

Kuno kwathu, zigawo za Lusaka ndi Copperbelt ndizo zimapereka gawo lalikulu la cuma ca dziko. Cigawo ca kumpoto cakumadzulo cimaoneka colemera cifukwa ca migodi ya mkuwa ya Kansanshi, Lumwana ndi Sentinel, ngakhale kuti phindu lambiri limapita kwa eni makampani ndi m'thumba la boma, osati kwa mlimi wa kumudzi. Kafukufuku wa boma wa 2022 anapeza kuti anthu 60 mwa 100 alionse m'Zambia anali pa umphawi.