Khalidwe

Mawu akuti khalidwe amachokera ku mneni "khala". Munthu amakhala pamphasa, amakhalanso pamudzi ndi anzake, ndipo mmene amakhalira nawo ndiye khalidwe lake. Tsinde lomweli ndilo linabala "kukhalitsa".

Kampani nayo ili ndi khalidwe, ndipo alimi a thonje ku Pembamoyo, m'boma la Vubwi, amalidziwa. Boma la Zambia litagulitsa kampani yake ya thonje ya Lintco mu 1994, kum'mawa kuno kunalowa Clark Cotton, imene Cargill ya ku America inagula mu 2006. Kampani inanso ya thonje, Dunavant, inabwera ndi nzeru ina: kusankha mlimi wa m'mudzi momwemo kuti azigawa mbewu ndi mankhwala pangongole, n'kumalondola kubweza. Ndimaitama nzeruyi, pakuti n'kovuta kuthawa ngongole ya munthu amene mumakumba naye manda.

Koma khalidwe lenileni limaonekera pa sikelo. Kodi kalaliki amalola mlimi kuwerenga yekha makilo a thumba lake? Kodi ndalama imafika tsiku lolonjezedwa? Zikapanda kutero, mvula ikagwanso munda womwe uja umadzalidwa soya kapena mpendadzuwa.