Golovesi ndi madayisi: mbiri ya besi yachitatu pa makhadi

Mu 1941 kampani ya Cadaco ku America inatulutsa masewero a baseball a pa tebulo otchedwa All-Star Baseball. Anawakonza ndi Ethan Allen, yemwe anasewerapo mu ligi yaikulu. Wosewera aliyense anali ndi khadi lozungulira, logawidwa m'zigawo molingana ndi kamenyedwe kake ka mpira, ndipo mwana ankazunguza kamuvi n'kuona pamene kaima. Za kuwakha mpira munalibemo. Wofuna munthu wa pa besi yachitatu ankangoyang'ana kukula kwa chigawo cha home run, basi.

Pabwalo lenileni malowa anali ndi mbiri ina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 omenya ankakonda kungougunda mpira pang'ono kuti ugubuduke chapafupi, ndipo wa pa besi yachitatu ankauthamangira, kuutola ndi dzanja lopanda golovesi n'kuuponya ku besi yoyamba ali chithamangire. Matimu ankaikapo munthu wa manja achangu ngakhale akhale wofooka pomenya. Frank Baker, amene ankamutcha Home Run Baker, anaposa onse mu American League mu 1911 ndi ma home run 11 okha. Zinthu zinatembenuka atabwera Eddie Mathews mu 1952, yemwe anapuma atamenya 512. Kuyambira pamenepo timu inkafuna zonse ziwiri kwa munthu mmodzi, ndipo okonza makhadi anayenera kupeza njira yoyezera zonsezo.

Dick Seitz wa ku Lancaster, Pennsylvania, anayamba kugulitsa masewero a pa tebulo otchedwa APBA mu 1951. Madayisi ndi awiri, lofiira ndi loyera, owerengedwa kuyambira 11 mpaka 66, ndipo kunsi kwa dzina la wosewera kuli nambala ya kawakhidwe kake. Koma m'malamulo ake osavuta aja, manambala a osewera onse amaphatikizidwa n'kuika timu yonse m'gulu loyamba, lachiwiri kapena lachitatu. Luso la munthu mmodzi limasungunuka ngati mchere mu ndiwo za banja lonse. Katswiri wa pa besi yachitatu amathandiza pokhapokha ngati mapointi ake akankhira timu m'gulu lapamwamba.

Amene anamupatula munthuyu pagulu ndi Hal Richman, yemwe anayambitsa Strat-O-Matic mu 1961. Apa mpofunika kufatsa, chifukwa mkangano wonse wagona pa masamu ake. Madayisi ndi atatu. Loyera likagwa 1, 2 kapena 3, zotsatira zimawerengedwa pa khadi la womenya. Likagwa 4, 5 kapena 6, pa khadi la woponya. Pa khadi la woponyayo pali malo ena olembedwa X, otanthauza kuti mpira wapita kwa wowakha wakutiwakuti, ndipo nambala yake ndiyo igamule. Wa nambala 1 ndi katswiri, wa 4 ndi wa miyendo yolemera. 5 inadzawonjezedwa pambuyo pake. Kenako panabweranso nambala ina ya zophonya, kuti asiyanitse munthu wosafika pa mpira ndi munthu wofikapo koma n'kuutaya. Butch Hobson wa Boston Red Sox, amene anaphonya ka 43 mu 1978, ndiye chitsanzo cha mtundu wachiwiriwu.

Tsono madayisi atatu amagwa m'njira 216. Mwa zimenezi, shortstop amayesedwa pa 7, wa pa besi yachiwiri pa 6, wa pa besi yachitatu pa 3 zokha. Ndiye kuti golovesi yake imagwira ntchito kamodzi pa omenya 72, pafupifupi kamodzi pa magemu awiri, pamene iyeyo amapita kukamenya kanayi pa gemu iliyonse. Brooks Robinson wa Baltimore Orioles anatenga mphoto ya kuwakha bwino ya Gold Glove zaka 16 zondondozana, 1960 mpaka 1975, ndipo amene anaonera World Series ya 1970 sanaiwale mmene anawatsekera njira a Cincinnati Reds. Koma pa tebulo, munthu womenya .267 pa moyo wake wonse sapambana khadi la George Brett, wa pa besi yachitatu mnzake, la 1980, chaka chimene anamenya .390. Okalamba amakhumudwa nazo, koma madayisi sanaonere World Series imeneyo. Mike Schmidt yekha ndiye sachititsa mkangano: ma home run 548 ndi Gold Glove 10, palibe choti n'kusinthanitsa.

Kuyambira ndi makhadi a nyengo ya 1971, Strat-O-Matic inayamba kusonyeza mmene womenya amachitira ndi woponya wamanzere komanso wamanja. Osewera ena a pa tebulo anayamba kusunga anthu awiri pa besi yachitatu, aliyense wa tsiku lake.

MLB Showdown ya Wizards of the Coast, imene inakhalapo kuyambira 2000 mpaka 2005, inaikapo mtengo. Khadi lililonse linali ndi mapointi, ndipo osewera 20 sankayenera kupitirira 5,000. Kawakhidwe ka osewera a pa mabesi ndi shortstop kankaphatikizidwanso, makamaka pofuna kutulutsa anthu awiri nthawi imodzi. Funso linasanduka la pa msika: pointi imodzi ya golovesi ndiigule kwa wa pa besi yachitatu kapena kwa shortstop, kotchipa n'kuti?

Masiku ano okonza makhadi sadaliranso maso a atolankhani okha. Bill James ankawerengera mipira imene wowakha amafikapo m'mabuku ake a Baseball Abstract, oyambira mu 1977, ndipo kuyambira 2015 makamera ndi zida za Statcast zimatsata mpira uliwonse m'mabwalo onse a ligi. Nambala 1 ya Nolan Arenado, wa pa besi yachitatu wa m'nyengo ya Statcast, ili ndi umboni umene ya Robinson inalibe. Koma mu Strat-O-Matic wa pa besi yachitatu akuyesedwabe pa njira zitatu zomwe zija.

N'chifukwa chake khadi la Ryan Braun, wa pa besi yachitatu, la 2007 limakopabe anthu. M'magemu 113 anamenya ma home run 34 n'kuphonya ka 26. A Milwaukee Brewers, amene ankaona mipira yonse imene inkamudutsa, anamusamutsira kunja, kumanzere kwa bwalo, chaka chotsatira. Wosewera pa tebulo, atawerengera 3 mwa 216, amamusiya pa besi yachitatu pomwepo n'kumuika pakati pa omenya odalirika.